Mpanda Woyenda wa Nguluwe

Padangokhala, kale nyama zikadalima, Nguluwe ndi Mfuko anali oyandikana minda. Pamalire panali mpanda wa udzu. Chaka chilichonse Nguluwe akamaukonza ankausuntha, n'kudya mzere umodzi wa mnzake.

"Achimwene, mpanda wanuwu uli ndi miyendo," anatero Mfuko. "Ine ndibzalapo nkhadze, zokhala ndi mizu."

"Timitengo timeneto? Ndizula ndi mphuno yangayi!"

Nguluwe anazuladi, Mfuko n'kubzalanso. Anazulanso, Mfuko n'kubzalanso, osatopa. Mvula itagwa, nkhadze zinagwira. Nguluwe anabwera atalusa n'kuluma tsinde, utomoni n'kumulowa m'maso.

"Mayo ine! Sindikuona! Malire ali pati?"

"Pomwe mwalumapo, achimwene," anayankha Mfuko.

Mpaka lero Nguluwe amayenda chowerama, timaso tili psuu. Nkhadze zija sizinasunthe.