Musi wa Nankhoma

Moni okondedwa, ndipo Mulungu ayamikike potisunga ndi moyo.

Masiku ano m'mudzi mwathu palibe wololedwa kukumba maziko anthu omvera nthaka asanabwere. Amakhoma zikhomo zachitsulo, kulumikiza mawaya, kenako kumenya pansi ndi nyundo, kuti makina amve ngati kunsiko kuli thanthwe kapena mphako. Nthawi imeneyo sipafunika kugunda kwina kulikonse.

A Mkwezalamba anawadikira chilimwe chonse, njerwa zili zootcha kale, khoma la nyumba yakale likung'alukirabe. Tsikulo litafika anamangirira mbuzi kutali, ana n'kuwatumiza kwa azakhali awo.

Koma anthu aja atafika n'kuyamba ntchito, mayi woyendetsa makina anapukusa mutu. "Bambo, pansi pano pakugunda ngati mtima. Palibe chomwe ndamva, ndipo batire latha. Tidzabweranso mvula ikadzatha."

A Mkwezalamba anathamangira kuseri. Anapeza akazi awo, Nankhoma, akusinja mtedza, uku akung'ung'udza nyimbo yotamanda.

"Mayi a Tiyese, mwatipha! Sindinanene kuti pasagunde kanthu?"

"Munati mbuzi ndi ana. Ndiye alendo adye nkhwani wopanda nsinjiro, ngati pakhomo pano palibe munthu wamayi?"

Alendowo anadya, anayamikira ndiwozo, n'kumapita. Madzulo mitambo ikusonkhana, banjalo linasuntha mphasa za ana kuzichotsa kukhoma long'aluka lija.

Ambuye, amene ndiye thanthwe losasowa kupimidwa, akusungeni inu ndi ana anu m'dzinja lino.