Nyumba ya Achimwene mu Gemu

"Akampani sakuyankha foni!" anakuwa kalipentala wina, akumenya tebulo. Gemu ya pa intaneti imene ankasewera inali kutsekedwa masana omwewo.

"Bambo a mwana, si masewera chabe amenewa?" anafunsa mkazi wake.

"Masewera? Nyumba ili mu gemuyi anamanga ndi malemu achimwene! Tinkachezera mmenemu. Anthu amenewa amatigulitsa chinthu, kenako n'kutilanda ngati tinachita kubwereka."

Anayamba kujambula sikirini ndi foni. Anajambula khomo, mpando, ndi kamunthu ka achimwene kataima pawindo pomwe anakasiya. Asanafike pojambula kuchipinda, sikirini inada bii.

Kenako panatuluka mawu okongola: "Zikomo pokhala nafe. Gulani gemu yathu yatsopano, muzisewera ndi abale anu."