Malaya a Pinki

"Mwana wanu anavala chiyani?" wapolisi anafunsa bambo wina, akuloza nyumba yosanja imene inagwera amisiri. "Zowala timaziona msanga m'fumbimu."

M'mawa womwewo bamboyo anaimitsa mnyamata wakeyo pakhomo akupita kukagwira ntchito panyumbayo, n'kumuvulitsa malaya a pinki. "Ukufuna anzako akandiseke? Ndinabereka mwamuna ine!" Ndiye anamuponyera ake, otuwa ngati simenti.

"Otuwa," bamboyo anayankha wapolisi uja motsitsa mawu.

Wapolisiyo anangopukusa mutu.

Chakumadzulo wofukula wina anakuwa kuti waona nsalu ya pinki pakati pa njerwa, ndipo mwini wake akupuma. Bamboyo anathamangirako, akupemphera kuti mwina mnyamatayo anabwerera n'kukavalanso malaya aja mobisa.

Ofukula anatulutsa mwana wa eni. Wake uja anali womvera.