Chifuwa cha Agogo Oshiro

"Wawapeza?" Setsuko anafunsa mng'ono wake Harumi, amene anali ataweramira kaundula wakale wa pachilumba cha ku Honolulu, pomwe ankatsekera alendo odwala otsika m'sitima.

Banja lonse linkadziwa kuti agogo awo aamuna, atafika kuchokera ku Okinawa, anagonekedwa kumeneko milungu itatu ndi chifuwa choopsa. Setsuko anali atakonza kale zokalankhula pamwambo wowakumbukira, zotama kulimba kwawo.

Harumi anawerenga mokweza zimene dokotala analemba: "Oshiro sakudwala. Amatsokomola dala tikamuuza kuti atuluke. Akudikira mtsikana wodwala maso, dzina lake Kamado."

Harumi anaphulika nako kuseka. "Chikonditu ichi, achemwali! Mukalembenso mawu anu aja."

Setsuko anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Ukuseka chiyani iwe? Agogo aakazi dzina lawo linali Ushi."