Galimoto Yofiira pa Malo a Olumala

Mayi wa mapasa anazungulira katatu pabwalo loimika magalimoto la chipatala, kenako anagonja. Malo a olumala analipo awiri okha pafupi ndi khomo. Pena amisiri anathirapo mchenga chaka chatha, moti udzu unali utamera pamwamba pake. Penapo panali galimoto yofiira ija, monga Lachiwiri lililonse, khadi la olumala lili pagalasi lakutsogolo.

"Mayi, mukudziwa kale," anatero mlonda asanafunsidwe n'komwe. "Ngakhale ichokepo imeneyo, inu popanda khadi simuimapo. Ntchito ingandithere."

Anakaimika kumapeto kwenikweni, pamiyala, pakati pa lole ndi mpanda. Chitseko chinangotseguka theka. Malo a olumala amawakulitsa dala kuti njinga ya wodwala ifike m'mbali mwa mpando, wodwala n'kungosendera. Kuno njinga inatsalira kumbuyo kwa galimoto. Amuna ake, amene sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanzere, anafunika kuwanyamula.

Anawapisa manja m'khwapa n'kukweza. M'munsi mwa msana munati tswa! Maso anachita mdima, koma sanawataye. Anawafikitsa panjinga atakukuta mano.

Dokotala anali atamuchenjeza kale. "Mukapitiriza kunyamula chonchi, panyumba panu padzafunika njinga yachiwiri. Ndiye adzakankha mnzake ndani?" Mapasa aja anakula, aliyense ali ndi banja lake kutali.

"Ukanasunga khadi bwenzi zonsezi kulibe," anatero amuna ake, mawu akukoka monga amachitira chidwalireni. "Munthu wamkulu ngati iwe, kutaya kanthu kamodzi kokha kamene ndinakusungitsa."

Kwa masabata asanu ndi limodzi mayiyo anali atakhuthula zikwama zonse, kutembenuza matiresi, kupisa dzanja pansi pa mipando ya galimoto, mpaka kufukula m'bini. Ku ofesi anamuuza kuti khadi latsopano limatenga miyezi itatu. Mlanduwo anauvomera. Masiku ano amaiwaladi zinthu, tsiku lina anapeza makiyi mufiriji.

Akukankha njinga pamiyala paja, nzeru inamubwerera.

"Bambo a mapasa, ndilankhula naye mwini galimoto yofiirayi. Tizipatsana nthawi. Iye akamatuluka, azindibwereka khadi lake, ine ndizilowa."

"Usakavutitse anthu iwe! Nayenso ali ndi wodwala wake."

"Ndingopempha basi."

"Ndati ayi. Undisiye ku mafizo, uzipita kokagula zinthu monga mwa masiku onse."

Lamulo lawo linali limenelo. Akawafikitsa pakhomo la chipinda cha mafizo, iye azichoka, abwere pakatha ola. Ankati safuna mkazi wawo awaone akuwapinda miyendo ngati khanda. Iye ankawamvetsa. Munthu amene ankayendetsa kampani, lero akusambitsidwa, ayenera kutsala ndi kamanyazi kake.

Koma lero msana unakana zopita kusitolo. Anatuluka mogwira khoma, n'kukakhala pakasimenti pambali pa galimoto yofiira. Anasuzumira khadi lija. Linali lenileni, chidindo chili pomwepo. Chithunzi cha mwini wake chimakhala kuseri, ndiye sanachione. Anayamba kumumvera chisoni munthu wosamudziwayo. Mwina ndi mayi wa mwana wolumala. Mwina nayenso amagona ndi botolo la madzi otentha pamsana. Anthu osamalira odwala amadziwana ndi kayendedwe komwe, sangakanizane malo.

Ola litatsala pang'ono kukwana, panatuluka mzimayi wa zaka za m'ma sate, nsapato zazitali, tsitsi lokonza dzulodzulo, fungo la perefyumu likumutsogolera. Anabwera yekha, makiyi ali m'manja.

Mayi wa mapasa anadzuka pang'onopang'ono.

"Pepani achemwali. Wodwala wanu ali mkatimu?"

"Eya, amuna anga. Ali ku mafizo."

"Anganso ali komweko. Ndili ndi pempho. Khadi lathu linatayika, ndiye ndikuimika uko kumpanda. Ndimawanyamula ndekha, ndipo msana wanga watha. Bwanji tizipatsana nthawi pamalo pano, muzindibwerekako khadi lanulo?"

Nkhope ya mzimayiyo inagwa, ndipo chisoni chake chinali chenicheni.

"Mayo ine, amayi! Mukanandiuza kale. Ine kunena zoona sindinyamula munthu. Amuna anga amakhalabe kunyumba yawo yakale, amabwera nawo wantchito wawo. Ine ndimangodzawaona."

"Wantchito?"

"Gogo wina wake, sindinamuonepo. Amati ndizidikira kuchipinda cha kuseri mpaka achoke, chifukwa ndi wamiseche. Akuti ndi wosasamala zedi, koma amusiya bwanji poti amatha kunyamula."

Mayi wa mapasa anagwedeza mutu. Antchito otero alipodi.

"Ndiye khadilo limachita chiyani kwa inu, poti wodwala sakwera muno?"

"Anandipatsa okha, akuti ndisamavutike ndi nsapatozi pamiyala." Anaseka, natsegula chitseko. "Amandikonda bambo amenewo, musawaone kudwala. Taonani mmene analili asanawonde."

Anatenga khadi lija n'kulitembenuza.

Pachithunzipo panali bambo a mapasa, atavala shati imene iye anawasitira ndi manja ake m'mawa wa tsiku lojambulitsa.