Siginecha ya Mayi Zulu

Mainess anali akupukuta milomo ya Jairus ndi kansalu konyowa pamene sisitala wa mu wodi anamuuza kuti adokotala abwera ndi kalata nthawi ya 3 koloko. Opaleshoni inali ya mawa lake m'mawa. Dokotala wochotsa zotupa ankabwera kuchokera ku Lusaka kamodzi pa miyezi itatu, ndipo Jairus miyezi ina itatu analibe.

Unali mwezi wachinayi chigonekedwere m'chipatala cha mgodi ku Kitwe. Khansa inamugwira m'mimba, n'kumudya mpaka wotchi kumatsetsereka kukafika pachigongono. Munthu ameneyu anali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kupatsidwa ushifitibosi, ukapitawo wa pansi pa mgodi, ufulu utangobwera, masiku aja mkuwa ukuyenda malonda, aliyense wovala tayi akuyesa kuti imfa inanyamuka limodzi ndi azungu. Anzake a matayi anabwera sabata yoyamba ndi malalanje. Fungo litayamba, onse ntchito inawachulukira.

Mainess yekha sanaphonye tsiku. Ankafika mageti asanatsegule, phala lili m'fulasiki, Baibulo atalikulunga m'chitenje. Ankamusambitsa, kumutembenuza kuti msana usachite zilonda, kutaya zam'beseni osakwinya mphuno. Mankhwala akamusanzitsa Jairus, iye ankamugwira pachipumi uku akung'ung'udza nyimbo za ku mpingo wa Reformed. Wodi yonse inkamudziwa kuti Mayi Zulu. Akazi a odwala ena ankati ukwati ndi umenewu, osati izi zabwerazi za mawigi ndi nsapato za gogoda.

Masanawo Jairus anayambanso nkhani yake ija. Anati watopa kubayidwa, mpeni sakuufuna.

"Amake Patson, ndikwezeni basi ndikafere kwathu ku Katete."

"Ku Katete mukafika ndi miyendo yanu. Yasamulani."

Jairus anameza masipuni awiri a phala, yachitatu anaikana. Mainess anamuuza kuti Mulungu amene anamutulutsa wamoyo pansi pa mgodi zaka makumi awiri sangamutaye pabedi lokhala ndi mashiti oyera. Anamuuzanso kuti Patson, mwana wawo woyamba, walemba kalata kuchokera ku koleji, akuti pa Khirisimasi akufuna adzapeze bambo ake atakhala pampando. Jairus anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati chabwino, amudule, koma Mainess asachoke pakhomo pa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mpaka iye atatuluka. Ululu utakula sisitala anamubaya jakisoni, iye n'kugona pakamwa pali yasa.

Adokotala anafika ali pa changu. Anati wodwala woledzera ndi jakisoni sangasaine, ndipo mawa m'mawa adzakhala chimodzimodzi. Lamulo la chipatala linali lakuti asaine mkazi wake, yemwe dzina lake lili m'buku la mgodi. Kalata ikapanda kufika ku ofesi 4 koloko isanakwane, malo a Jairus apatsidwa kwa wina. Sisitala anamasulira zonsezi m'Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja, n'kuloza pamzere.

"Bana Patson, lembani dzina lanu apa."

Mainess anapukuta manja pachitenje n'kulandira cholembera. Kulemba anaphunzira atakula kale, kwa amayi a Chigwirizano, ndipo bodza anali asanalinenepo pamaso pa munthu wa yunifolomu. Anayang'ana nthiti za Jairus zikukwera ndi kutsika. Mumtima anapempha chikhululukiro tchimo asanalichite.

Kenaka anawerama n'kulemba pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo: Harriet Zulu. Linali dzina la mkazi wa ku Riverside, dera la mabwana, amene Jairus anakwatira chaka chimene anakwezedwa pantchito, atamutulutsa Mainess m'nyumba ndi sutikesi imodzi. Mkaziyo anaponda m'wodimo kamodzi kokha, mpango uli pamphuno.

"Zikomo, Harriet," anatero adokotala, ndipo Mainess anavomera.