Buku la Ndalama za Kuzilumba

Katundu wa malemu Simoni anali atayalidwa pansi pa mtengo wa nimu, koma Ignasio sankayang'ana mipando kapena njinga. Maso ake anali pa mlamu wake Otilia, yemwe anali atakhalira buku la malemuyo ngati nkhuku yofungatira mazira.

Mkaziyu anamukana kawiri. Ali mtsikana anasankha Simoni, mkulu wake wa Ignasio. Dzana anakananso kulowedwa chokolo, anthu akumva. Ignasio chinamuwawa zedi, ndipo analumbira kuti amulanda chimene amachikonda kwambiri.

Bukulo ankalidziwa. Simoni anabwera nalo kuchokera ku Beira, komwe ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi. M'bukumo munali ndalama zachitsanzo za kuzilumba zakutali, zojambulidwa akamba ndi mbalame za m'nyanja, zodindidwa mawu ofiira, nambala yake ziro yekhayekha. Sungagulire ngakhale mchere. Koma Simoni akakhuta kachasu ankadzitama kuti azungu otolera zoterezi amapereka mtengo wa ng'ombe zitatu pa pepala limodzi.

Akuluakulu a banja anagamula kuti wina atenge bukulo, wina khola la ng'ombe lomwe Simoni anamanga chaka cha madzi osefukira. Woyamba kusankha anali Ignasio.

"Tengani ng'ombe zonse, alamu," anatero Otilia, misozi ikutsika. "Mundisiyire ichi chokha."

Apo Ignasio anadziwa pomwe pali chilonda. Ng'ombe zoonda za ku Chapananga n'chiyani, pomwe atha kulemera n'kumuliza mkaziyu nthawi imodzi?

"Ng'ombe khalani nazo. Ine ndikufuna buku."

Mkulu wa mpingo analemba zonse papepala, ndipo awiriwo anadinda chala mboni zikuona. Ignasio anatsomphola bukulo n'kulitsegula pang'onopang'ono pamaso pa mlamu wakeyo, kuti chimupweteke bwino. Ndalamazo zinali zomata pamasamba, zosalala ngati zadzulo. Anamatula imodzi mosamala n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone chuma chake.

Anthu amene anakhala kutsogolo kwake anayamba kunong'onezana. Ignasio anaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali koyera mbee.

Otilia anapukuta misozi ndi chitenje n'kumuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo.

"Takhuta, alamu. Zenizenizo achimwene anu anagulitsa chaka cha madzi chija. Izo anangojambulitsa pa fotokope ku Ngabu kuti azipenyako akazisowa. Mumayesa ng'ombezi zinachokera kuti?"